Mamilimita Khumi

Dalitso ndi Misozi, amayi anu akuti ndilembe zimenezi ndisanaziiwale, koma ine ndikudziwa kuti akungofuna ndileke kuwasokosa nazo pa nthawi ya nshima. Chabwino. Za ubwana wanga ku Katete sindilemba, poti ndinaweta mbuzi ngati mwana wina aliyense ndipo mbuzizo sizinandiphunzitse kanthu. Ndilemba za njinga imene ili pabalaza, imene wina mwa inu anafuna kuipereka kwa ogula zitsulo zakutha. Dzina sinditchula pano, litulukira lokha kutsogoloku.

1974

Ndinatsika sitima pa siteshoni ya Kafue ndili ndi zaka makumi awiri, sutukesi ya malata ili pamutu. Amalume anga, amene ankagwira ntchito ku njanji, anandipezera malo pa fakitale ina. Dzina lake ndilisiya, chifukwa fakitaleyo inafa kale ndipo wakufa sanyozedwa. Ntchito yanga yoyamba inali kunyamulira mdala wina bokosi la masipanala. Mdalayo anali fitala, ndiye kuti munthu womanga ndi kukonza makina, ndipo anali wosalankhulalankhula. Miyezi itatu yathunthu sanandilole kukhudza bawuti. Anangondipatsa veniya, kachipangizo koyezera kukula kwa chitsulo, n'kundiuza kuti ndiziyeza chilichonse chimene ndaona: mawashala, mapaipi, ngakhale supuni yake ya tiyi. Makina a pa fakitalepo anali a mitundu iwiri. Ena anachokera kwa anthu oyeza ndi mainchi, ena kwa anthu oyeza ndi mamilimita, ndipo ndi maso okha sukanasiyanitsa nati ya uku ndi ya uko. Tsiku lina mdala uja anandipeza ndikulimbana ndi nati imene inkakana kulowa, nditawonjezera paipi ku sipanala kuti ndipeze mphamvu. Anandilanda sipanalayo n'kunena kuti, "Mwana iwe, chitsulo sachikakamiza. Ukachikakamiza chimavomera lero, mawa chimadzakubwezera pamaso pa anthu." Atapuma ntchito anandisiyira veniya ija. Ndi ija ili m'kabati, yokulungidwa m'sokosi, imene Misozi ali mwana anafuna kutsegulira chitini cha nsomba, ndipo akukumbukira bwino zimene zinatsatira.

1983

Zaka zimenezo zinthu zinkasowa. Amayi anu ankaima pamzere wa sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, kuyambira m'mawa, ife ku wekishopu tikudikira masipeya amene sankabwera n'komwe. Tinkasema tokha mabawuti ndi kudula magasiketi m'matayala akutha, ndipo sindichita nazo manyazi, poti chilichonse tinkayamba tachiyeza. Ndiye kunabwera bwana watsopano, injiniya wa masuti, amene tinam'patsa dzina loti Mangachabe chifukwa funso lililonse ankaliyankha ndi mawu omwewo. Tsiku lina pampu yotumiza madzi otentha ku boila inatha beringi. Bwanayo anatulukira ndi beringi yatsopano, kaya anaitola kuti, n'kuiponya pa benchi yanga. Ndinaiyeza, kenaka ndinayeza shafuti ya pampu, n'kuona kuti sizikwatirana.

"Bwana," ndinatero, "shafutiyi ndi ya mamilimita makumi asanu, beringi mwabweretsayi ndi ya mainchi awiri. Yakula ndi zero poyinti eyiti ya milimita. Ikugwedera."

"Iwe Sakala, manga chabe!" anakuwa. "Juba chitini cha saladi, uzungulize pa shafuti, ufake beringi. Nifuna pampu iyende pa fotini awazi."

"Pafupi ndi pampu imeneyi pamaima anthu, bwana. Dzanja langa silimanga zimenezo."

"Uziona monga ndiwe injiniya? Nakufunsa maganizo ine?"

Ndinapukuta veniya yanga, ndinaiika m'thumba, n'kukhala pa benchi manja ali pamaondo. Musaganize kuti ndinalibe mantha. Dalitso anali ndi zaka zitatu, Misozi ali m'mimba, ndipo nyumba ya ku Kafue Estates inali ya kampani. Chitini chija anachidula n'kumanga beringi ndi mnzanga Mweemba, Mtonga wa tsidya la mtsinje, amene anali ndi ana asanu ndi mmodzi ndipo sakanatha kukana. Ine m'mawa mwake ndinapeza kalata yonditumiza ku shedi ya kuseri kwa fakitale, kukakhala wokonza njinga za alonda ndi amesenjala. Fitala wa zaka zisanu ndi zinayi, kukamata machubu!

Choipa kwambiri n'chakuti pampu ija inayenda. Inayenda mwezi, inayenda iwiri, inafika miyezi isanu ndi iwiri. Mangachabe akamadutsa pa shedi ankaika dzanja kukhutu n'kundifunsa, "Wamvela, ba injiniya? Ikali kulila bwino." Anzanga ankaseka, ndipo panali masiku amene ndinkadzifunsa ngati sindinali chitsiru. Mwezi wachisanu ndi chitatu chitini chija chinadyeka, shafuti inapindika, paipi inaphulika. Amene anaima pafupi anali Mweemba yemweyo, ndipo mpaka lero mkono wake wamanzere uli ndi chipsera kuyambira pachigongono kufika pamsana pa dzanja. Mukuganiza kuti anandibwezera ku wekishopu? Ayi ndithu. Bwana amakhululukira munthu wolakwa, koma munthu amene ananena zoona samukhululukira. Ndinakhala ku shediko zaka zinayi.

Kumeneko n'kumene ndinapeza njinga. Pansi pa mulu wa zitsulo panali felemu ya njinga ya mpikisano, yopyapyala, imene mzungu wina anasiya pobwerera kwawo, foloko yake itapindika. Ndinaiwongola. Mawilo ndinaluka ndekha, sipoko imodzi imodzi, kuchokera ku njinga zakufa zisanu ndi imodzi. Magiya ake anali asanu, osinthira pa kandodo ka pa felemu, kopanda manambala, kongomvera dzanja. Chishalo chinali cha mlonda wina amene anachotsedwa ntchito, belu linali la mesenjala. Inanditengera chaka, ndipo tsiku limene ndinaikwera koyamba ndinadutsa dala pansi pa windo la Mangachabe ndikuliza belu.

1987 mpaka 2009

Mangachabe atachoka anandibwezera ku wekishopu, patapita nthawi ndinakhala kapitawo. Mabwana anabwera ndi kupita, fakitale inadwala, inachira, inadwalanso, anthu ambiri anachotsedwa. Ine ndi njinga yanga sitinasinthe. Tsiku lililonse nthawi ikangopitirira sikisi ndi mphindi makumi awiri ndinkatuluka pageti ndikuliza belu kawiri, moti azimayi a mumzere mwathu ankadzutsira ana a sukulu belu limenelo. Nditapuma ntchito sindinaleke. Ndinkapalasa kupita kumsika, kukwera ku Nangongwe kumene Mweemba anatsegula kawekishopu kake, n'kubwerera kunyumba dzuwa lisanakalipe.

2023

Chaka chimenechi ndinagwa pafupi ndi podutsira njanji, m'mawa, mutu wa kabichi uli pa keriyala. Sindinagundidwe ndi chilichonse. Mwendo wamanja unangoleka kundimvera, dzanja lamanja nalonso linasiya handulo, ndiye ndinagona mumsewu ndikuyang'ana wilo likuzungulira lokha. Azimayi ogulitsa tomato ndi amene anandinyamula, wina akufuula dzina limene ankanditcha, loti agogo a belu, "Ni ba shikulu ba belu! Imikani motoka!" Ku chipatala anati ndi sitiroko, yaing'ono. Kwa iwo inali yaing'ono.

Patapita miyezi ndinayamba kuyenda ndi ndodo. Mayi wa fizo, amene ankandiphunzitsa kuyenda ngati khanda, anandiuza mosabisa pamaso pa Dalitso kuti, "Ba Sakala, uyu mwendo ufunika kuchova njinga tsiku na tsiku, ngati simuchova uzauma. Koma pa museu iyayi. Mukagwa futi pakati pa mamotoka, sitizakambako vina." Ku chipatalako kunali njinga yongoima pamalo amodzi, ya chishalo chachikulu ngati mpando wa m'basi. Ndinaiyesa kangapo, mwendo wanga sunaidziwe, ndipo ulendo wa pa minibasi wopita kumeneko unkanditopetsa kuposa kupalasako. Ndinayamba kujomba. Apa ana anga munakhala pansi, munagwirizana pa foni, n'kundibweretsera chigamulo: ngati sindipalasa, ndisamukire ku Lusaka, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Dalitso, kumene kuli malo ochitira mafizo pafupi. Ndikudziwa kuti munachita zimenezo chifukwa cha chikondi. Koma ine ndinakaona kachipindako. Windo lake limayang'ana mpanda, ndipo ndinadziwa kuti ndikakalowamo ndidzatulukamo miyendo ili patsogolo.

2024, Loweruka loyamba

Dalitso anafika ndi chibokosi cholemera moti anachita kuchitsitsa m'galimoto ndi mwamuna wa pa neba. M'kati munali makina amene iye ankawatcha thirena. Kwa amene sanawaonepo, ndi chitsulo cha miyendo chokhala ndi wilo lolemera ndi mano a magiya pambali. Umachotsa wilo lakumbuyo la njinga yako, n'kukhazika felemu pa makinawo, tcheni n'kuikoleka pa mano ake. Ukamapalasa njinga siyenda, koma makinawo amalimba kapena kufewa ngati ukukwera phiri kapena kutsetsereka, ndipo amalankhulana ndi foni kuiuza mphamvu imene miyendo ikutulutsa. Ndinaizungulira kawiri ndi ndodo yanga, ndipo ndivomere, anthu amene anaipanga amadziwa ntchito. Mtima wanga unadumpha, poti ndinaona njira yokwereranso chishalo changa m'nyumba yanga.

Tinalowetsa njinga, Dalitso anamasula wilo lakumbuyo, ananyamula felemu kuti aikhazike. Inakana. Anayesa kuchokera uku, anayesa kuchokera uko, thukuta lili kamukamu, kenaka anatsegula pepala la m'bokosi n'kumayendetsa chala pa mndandanda wa njinga zimene zimagwirizana ndi makinawo.

"Ba dadi, iyi njinga kulibe pa chati," anatero. "Ni yakudala maningi. Tigule chabe inyowani, iyi tipase baja bogula masikirapu."

Ndinauza amayi anu kuti anditengere sokosi ija m'kabati. Mndandanda wa pa pepala sukanaidziwa njinga yanga, poti fakitale imene inaipanga ndi ine. Ndinagwada movutikira, ndinayeza ndi dzanja lamanzere, ndipo ndinapeza milandu itatu. Woyamba, pakati pa miyendo iwiri yakumbuyo ya felemu, pamene pamalowa wilo, panali mamilimita 120, pomwe makinawo amafuna 130. Wachiwiri, makinawo anabwera ndi mano a magiya khumi ndi limodzi othithikana, ndipo tcheni yanga yakale, yonenepa, sikanalowa pakati pawo. Wachitatu unali waung'ono: timipata ta felemu tolowetsamo ekiselo, chitsulo chimene wilo limazungulirapo, tinali ta muyezo wa mainchi, tochepa ndi theka la milimita.

Dalitso atamva nambala yoyamba nkhope yake inawala. "Ah, ni teni milimita chabe? Ba dadi, iyo ni ing'ono. Ine nigwile uku, ba neba bagwile uku, tidonse, ingene. Timange chabe."

Mwana wanga, sunadziwe kuti unalankhula ndi pakamwa pa yani. Ndipo ndikuuze zoona, ndinatsala pang'ono kuvomera. Panali patapita miyezi khumi ndisanakhale pa chishalo chimenecho, ndipo chinali apo, mikono iwiri kuchokera pamene ndinagwada. Amuna awiri akanakoka, mwina ikanalowa, mwina madzulo omwewo ndikanapalasa. Koma ndinkadziwa kuti mwendo umodzi wa felemu ukanagonja kuposa unzake, njinga n'kukhala mopendama, ndipo polumikizira pakanayamba kamng'alu kosaoneka, kodikira tsiku limene nkhalamba ya mwendo umodzi yaimirira pa pedulo.

"Chotsa manja pa njinga yanga," ndinatero.

"Manje muzachita bwanji? Ku shopu banakamba ati ngati siigwilizana nibweze mu masondo yabili, ilibe sikilachi. Nizabwela pa Sondo ija ina. Ngati siinangene, nibweza thirena, naimwe mulonge vovala."

"Ubwere," ndinamuyankha. "Ubwere ndi foni yako yodzaza moto."

Sabata ya ntchito

Lolemba ndinakwera minibasi kupita ku Nangongwe, kondakitala akundikankha kumbuyo ngati thumba la makala. Mweemba ndinam'peza atakhala pakhomo pa wekishopu yake, tsitsi lonse mbuu. Nditamufotokozera anaseka mpaka kutsokomola, n'kukweza mkono wake wa chipsera. "Ati tidonse chabe? Mubwele naye kuno mwana wanu, nimulangize iyi. Iyi ni zero poyinti eyiti chabe, ba Sakala. Yake ni teni." Anandipatsa ndodo yachitsulo ya mazinga kuyambira kumutu mpaka kumchira, manati awiri, mawashala akuluakulu ndi zopanira ziwiri.

Nkhani ya magiya inatidyera masiku atatu. Mano khumi ndi limodzi aja anayenera kuchoka, m'malo mwake mulowe asanu ndi awiri otalikirana bwino, ndi tcheni yatsopano yogwirizana nawo. Wokonza njinga wa kumsika poyamba anandipatsa mano ochita kupotera pa mazinga, ngati a pa wilo langa lakale. Ndinam'bwezera, poti makinawa amafuna mano olowetsa pa timizere, amene amawatcha kaseti. Anakaipeza pa njinga ina ya salaula, yogwirapo kale ntchito kunja. Titailowetsa tinaona kuti ndi yaifupi, ikusiya mpata kumbuyo ndipo ikuseweraseweramo. Panafunika kamphete kachitsulo kotseka mpatawo. Ndinayeza katatu, ndinapeza mamilimita sikisi poyinti 35, n'kuyamba kuseka ndekha. Mweemba anandifunsa chimene chandisangalatsa. Ndinamuuza kuti awerengere yekha: imeneyo ndi kota ya inchi ndendende. Makina a lero a foni ankapempha muyezo wa mdala wanga wa mu 1974. Kampheteko tinakasema pa makina a Mweemba, iye akuyendetsa, ine ndikuyeza ndi kumukalipira.

Lachisanu linali tsiku la felemu. Kachitidwe kake n'kotere. Umapana zopanira pamene miyendo iwiri ija inalumikizidwa, kuti polumikizirapo pasamve ululu. Umalowetsa ndodo ya mazinga pamene pamakhala ekiselo, manati ali m'kati, ndiye umapotokola manatiwo pang'onopang'ono kuti azikankhira miyendoyo kunja. Chitsulo chabwino chimabwerera ukachimasula, choncho umayenera kupitirira muyezo umene ukufuna, kumasula, kuyeza, n'kuyambiranso. Ndinakonza zonse, ndinagwira sipanala, ndinakoka. Dzanja lamanja linatsegula zala lokha, sipanala inagwa pa simenti. Ndinayesa ndi lamanzere, koma panalibe dzanja logwira felemu. Ndinatola sipanala kachitatu, inagwanso. Ndinakhala pansi pamenepo, ndipo kwa nthawi yoyamba chigwereni mumsewu ndinalira, kulira kwa ukali, poti mutu unkadziwa ntchito yonse koma dzanja linali litapuma ntchito osandiuza.

Amayi anu anatuluka m'khitchini akupukuta manja pa chitenje. Mayi ameneyu wakhala zaka makumi anayi akudandaula za girisi wa pa makolala anga, ndipo sipanala anali asanaigwirepo.

"Atate ake Dalitso, mwati ndipotokole kuti?" anandifunsa.

"Mudzathyola njinga yanga."

"Ndiye mukaithyolere nokha ku Lusaka. Ine kuseri kwa nyumba ya mpongozi sindikakhalako. Bweretsani chitsulocho."

Anagwada, ndinawaonetsa nati. Ndinkawerenga ine, akupotokola iwo, kota imodzi uku, kota imodzi uko. Titakankha koyamba n'kumasula, veniya inati 121. Amayi anu anandiyang'ana ngati ndawanamiza. "Mphamvu zonse zija, kamodzi kokha?" Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandiyankha kuti nkhonoyo akhala nayo m'nyumba kuyambira kalekale ndipo maso ake sanawaonebe. Tinabwereza. 123. Tinamwa tiyi. 126. Nthawi iliyonse ndinkayendetsa chala polumikizira kufunafuna mng'alu, mtima uli m'mwamba. Kuti ndidziwe ngati miyendo yonse iwiri ikutseguka mofanana, ndinabwereka ulusi wawo wolukira madoilo, ndinaumanga kuchokera ku mwendo umodzi, kuzungulira kutsogolo kwa felemu, kubwerera ku mwendo winawo, n'kuyeza mpata wa ulusi mbali zonse ziwiri. Mbali ya tcheni inali itatsogola ndi milimita imodzi ndi theka, choncho tinaigwira, n'kukankha inzake yokha. Dzuwa likupendeka veniya inati 130, ulusi unati pakati ndi pakati. Loweruka Mweemba anabwera, tinawongola timakutu ta felemu, tija tolowetsamo ekiselo, kuti tiyang'anane bwino, ndipo theka la milimita lija ndinalipala ndekha ndi tupa, ndi dzanja lamanzere, mpaka nthawi ya chakudya chamasana.

Sondo

Dalitso anafika titangochoka ku tchalitchi. Ndinaona kuti mpando wakumbuyo wa galimoto anaupinda kale, malo a bokosi ndi masutukesi. Ndinamuuza kuti anyamule felemu aikhazike pa makina. Anakunga mapewa kukonzekera nkhondo, koma njinga inangotsika yokha n'kukhala, kuti khethe, ngati chivundikiro pa poto wake. Anaikweza, anaikhazikanso, anayang'ana pansi, anayang'ana ine.

"Mwachita bwanji, ba dadi? Mwadonsa na bandani?"

"Funsa amako," ndinatero. Amayi anu anali ataima pakhomo la khitchini, akuyang'ana zikhadabo zawo zakuda ndi girisi ngati apaka utoto wa ku saluni.

Tinamanga kandodo kopanira ekiselo, tinasintha timiyendo ta makina kuti asagwedere pa simenti yathu yopendama, wilo lakutsogolo tinaliika pa kachitsa kake. Magiya ndinawayesa ndi dzanja. Kandodo kanga kakale, kopanda manambala, sikasamala kuti mano ndi angati, kamangopita pamene wakaika. Kanafika pa asanu ndi limodzi, lachisanu ndi chiwiri kanalephera, ndipo ndinalisiya, sindinakakamize. Titati tilumikize ku magetsi, malaiti anapita. Tinakhala pabalaza anthu atatu kuyang'ana njinga ngati odikira wodwala, mpaka anabwera pa fotini awazi, 2 koloko masana. Apa ndipereke ulemu kwa mwini wake. Za kulumikiza makina ndi foni ine ndinali mbuli, ndipo Dalitso anazichita mofatsa, akundionetsa pokanikiza kawiri kawiri osatopa. Foni inapempha kuti wina apalase mwamphamvu kenaka asiye wilo liime lokha, kuti makina adziyeze. Anakwera iye, ndipo ndinakondwera kumva kuti ngakhale makina a masiku ano amayamba ayeza.

Kenaka inafika nthawi yanga. Dalitso anandigwira m'khwapa, ndinaponya mwendo, ndinakhala. Ana anga, chishalo chimenecho chinandidziwa. Phazi lamanja tinalimangirira ku pedulo ndi lamba, ndinakankha ndi lamanzere, lamanja linatsatira, linazungulira, linabweranso. Pa foni panaoneka msewu wa kudziko lina, wa mapiri ndi mitengo yachilendo. Ndinamuuza kuti aichotse patsogolo panga, atsegule windo, poti msewu wanga ndi uwo uli panjawo. Ndinapalasa mphindi zisanu ndi imodzi, malaya onse ananyowa. Ndinaona Dalitso akubisa foni pachifuwa.

"Ikuti bwanji?" ndinamufunsa.

"Ah, ni poyambila chabe, ba dadi."

"Ndati ikuti bwanji?"

"Fote wanu watsi."

"Babu la kuchimbudzi lija linali la fote," ndinatero ndikupuma mwabefu. "Ndiye kuti ndayatsa chimbudzi, n'kutsalako imodzi." Ndinatambasula chala n'kuliza belu kawiri. Dalitso anaseka, kenaka anatembenukira kukhoma n'kumapukuta m'maso, akuti fumbi la m'bokosi. Kunja mayi wa pa neba anafuula pa mpanda, "Amake Dalitso! Ni ba shikulu abo? Babwelela?" Madzulo galimoto inabwerera ku Lusaka itanyamula bokosi lopanda kanthu.

Lero

Ndimapalasa m'mawa uliwonse, nthawi yanga yomwe ija, malaiti akakhalapo. Akapita ndimapalasabe, makina amangokhala osalankhula, ndipo sindiwasowa. Ndodo ndimaitenga popita kutali kokha. Nambala ya pa foni yakwera, koma sindiilemba pano, mungayambe kuitumizirana. Za ku Lusaka palibe amene wazitchulanso, ndipo amene adzazitchule adzayambe wakambirana ndi amayi anu, poti sipanala ija sanandibwezere.

Wilo lakumbuyo, lija ndinaluka ku shedi, silinalowe m'makonzedwe atsopanowa. Lili pa msomali pakhoma, pamwamba pa njinga. Mweemba anandisemera kale ekiselo yotalikirapo ndi mamilimita khumi kuti lidzakwane pa felemu mmene ilili tsopano, ndipo ndinaimanga. Loweruka lililonse ndimalitsitsa, ndimapukuta masipoko, ndimalipopa mpaka chala chikane kulowa. Mwezi watha Dalitso anandipeza ndikuchita zimenezi.

"Ba dadi, mupompela chani tayala yamene siyenda?"

Sindinamuyankhe tsiku limenelo, poti ndinali ndi befu. Yankho lake ndi ili, mwana wanga, ndipo uwerengere mlongo wako. Mayi wa fizo uja anati pamsewu iyayi. Sananene kuti mpaka liti, ndipo ine sindinamufunse.